Dzimbiri pa Mgolo Wowambira Nsomba ku Kavalamanja

Dzimbiri ndi chitsulo chimene chasanduka ufa wofiira chifukwa chokumana ndi madzi pamodzi ndi mpweya wa okosijeni. Limasiyana ndi fumbi kapena mwaye, zomwe munthu akapukuta chitsulo chimatsala monga chinalili. Kachibenthu kalikonse kofiira koyoyoka pa mgolo ndi gawo la mgolowo, ndipo pamene kachoka pamatsala popyapyala kuposa kale. Kuti dzimbiri liyambe pamafunika chitsulo, mpweya ndi madzi, zonse pamodzi. Mpweya suthawika, choncho nkhani yonse yagona pa madzi. Madziwo si a mvula okha ayi. Mame a m'mawa, nthunzi, ngakhale chinyezi chosaoneka cha mumpweya chikapitirira pafupifupi magawo 60 pa 100, zimakwana kuti chitsulo chosatetezedwa chiyambe kudyeka.

Kuipa kwa dzimbiri kuli pa kapangidwe kake. Poto wa aluminiyamu nayenso amakumana ndi mpweya, koma kakhungu kopangika pamwamba pake n'kolimba ndipo kamatseka njira kuti mpweya usalowe m'kati. Dzimbiri la chitsulo wamba ndi lofufuma. Limatenga malo aakulu kangapo kuposa chitsulo chimene lachokerako, limang'ambika, limamwa madzi n'kuwasunga, ndiye pansi pake chitsulo chabwino chimakhala chonyowa ngakhale kunja kukuwala dzuwa. N'chifukwa chake banga laling'ono likasiyidwa silikhala pomwepo. Vutoli ndi la dziko lonse: mu 2016 bungwe la NACE International linawerengera kuti kudyeka kwa zitsulo kumawonongetsa ndalama pafupifupi madola 2.5 thililiyoni pachaka. Banja losodza silidziwa za mathililiyoni, koma limadziwa mtengo wa mgolo watsopano.

Kavalamanja ndi mudzi wa m'mbali mwa Zambezi m'boma la Luangwa, kumtunda kwa mtsinje kuchokera pa tauni ya Luangwa yomwe kale inkatchedwa Feira, pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe. Ambiri m'Zambia amadziwa dzinali chifukwa cha mabomba amene asilikali a Rhodesia anaponya pamudzipo pa 6 Malichi 1978, koma moyo wa masiku onse kumeneko ndi wa mtsinje. Chigwa n'chotentha, mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pende, mcheni, nkupi kapena mlamba wovuulidwa m'mawa sadikira mawa. Nsomba yosadyedwa tsiku lomwelo imathiridwa mchere n'kuyanikidwa padzuwa, kapena imawambidwa pa utsi kuti ikafike pa Luangwa Bridge pamsewu wa Great East, kapena ku Lusaka komwe kuli makilomita opitirira 300.

Zowambira za m'chigwa chotere n'zamitundu ingapo. Ena amakumba dzenje n'kuyala waya pamwamba, ena amaumba uvuni wa dothi, ndipo ena amadula mgolo wa malita 200, kuboola khomo la nkhuni m'munsi, kupingasa ndodo zachitsulo chapakati, kuyalapo waya n'kuvundikira ndi lata kapena saka. Mgolo umakondedwa chifukwa ndi wopepuka, umakwera m'bwato kupita kumsasa. Koma chitsulo chake n'chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi yokha, ndipo ntchito imene chimapatsidwa ndi yowawa kuposa ya chitsulo china chilichonse pakhomo.

Poyamba pali madzi a nsomba yomwe. Nsomba yaiwisi pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kulemera kwake ndi madzi, ndipo cholinga cha kuwamba n'kuwatulutsa. Mu nsomba zolemera makilogalamu 10 mumachoka malita angapo. Ena amadontha, ena amakwera ngati nthunzi n'kukazizira kunsi kwa chivundikiro ndi m'makoma. Nkhuni nazo zimatulutsa nthunzi zikamayaka, makamaka zaziwisi. Utsi wa nkhuni uli ndi asidi wofanana ndi wa mu viniga, yemwe amathandiza kuti nsomba isaole, koma akasungunuka m'madontho aja amaluma chitsulo. Moto ukazima, mgolo umazizira uli wonyowa m'kati.

Kenako mchere. Pa zonse zodya chitsulo pamalo owambira, mchere ndiye woopsa kwambiri. Madzi amchere amafulumizitsa dzimbiri kuposa madzi wamba, ndipo amakumba timaenje tozama m'malo modya mofanana paliponse. Kuwonjezera apo, mchere umakoka chinyezi. Chinyezi cha mumpweya chikafika pafupifupi magawo 75 pa 100, timibulu ta mchere totsalira pa waya timasungunuka tokha n'kukhala timadontho, popanda mvula ndi imodzi yomwe. Waya wosatsukidwa amene wapachikidwa m'khitchini amatha kupezeka wanyowa m'mawa wa Januwale ngakhale denga silidontha. Kumene nsomba zamchere ndi zowamba zimagwiridwa pa bwalo limodzi, ndi manja omwewo ndi mabeseni omwewo, mchere umafika ngakhale pa chitsulo chimene sichinakhudze nsomba.

Phulusa losiyidwa m'kati mwa mgolo ndi lachitatu. Likakhala louma silivuta. Koma limamwa chinyezi, ndipo likanyowa limasanduka phala lomata pachitsulo kwa masiku ambiri, litasakanikirana ndi mchere ndi mafuta odontha kuchokera pamwamba. Migolo yambiri imabooka kunsi poyamba, m'mbali mwa msoko, pamene phulusa limaunjikana. Ngati mgolo wakhazikika padothi, umadyeka mbali ziwiri: phulusa m'kati, chinyezi cha nthaka kunja. Moto umamaliza ntchitoyo. Nkhuni za tsanya, mtengo umene ambiri amautchula mupani, zimayaka nthawi yaitali ndipo makala ake ndi otentha kwambiri. Kutentha koteroko kumawotcha penti yense wa mgolo, ndipo chitsulo chikafiira ndi moto chimatuluka mamba akuda amene amasweka chikazizira, n'kusiya chitsulo chosaphimbika.

Komabe mgolo umene ukuyatsidwa tsiku ndi tsiku suchita dzimbiri kwambiri. Moto wa lero umaumitsa chinyezi cha dzulo, ndipo mafuta a nsomba amakuta makoma. Kuwonongeka kwakukulu kumachitika mgolo ukamapuma. Boma la Zambia limatseka usodzi kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane, ndipo miyezi itatu imeneyi ndiyo ya mvula. Mgolo umatsamira kuseri kwa nyumba uli ndi phulusa la ulendo womaliza, waya ali ndi mchere wake, madzi a padenga akugwera momwemo. Usodzi ukatsegulidwa mu Malichi, mwini wake amanyamula mgolo n'kuona kunsi kukutsalira pansi. Zimene zimachitika m'miyezi itatu imeneyi zimaposa zimene moto wachita m'miyezi isanu ndi inayi yonse.

Asanayambe kuchotsa dzimbiri, munthu ayenera kudziwa pamene lafika. Dzimbiri lapamwamba ndi ufa wofiirira wodetsa zala, ndipo ukaupala chitsulo chimaoneka chosalala pansi pake. Lozama limabwera ndi mamba otukuka ndi timaenje. Kuyesa kwake n'kosavuta: kugogoda ndi kumbuyo kwa chikwanje kapena kukanikiza ndi msomali. Chitsulo chamoyo chimalira, chodyeka chimamveka ngati chikhakha ndipo msomali umalowa. Kusuzumira m'kati mgolo utaimikidwa padzuwa kumaonetsa timabowo tosaoneka kunja. Pamene pabooka palibe mankhwala obwezeretsa chitsulo. Pamafunika chigamba chodulidwa ku mgolo wina n'kumangidwa ndi mariveti kapena mabawuti. Kuwotcherera kumatheka pokhapokha mmisiri atadula kaye podyeka ponse mpaka pa chitsulo cholimba, chifukwa chitsulo chopyapyala cha dzimbiri chimangosungunuka bowo n'kukula. Mtovu womatira zidebe suyenera kuyandikira pamenepa: umasungunuka madigiri asanafike 200 ndiponso ndi poizoni.

Dzimbiri lapamwamba ndi lozama pang'ono limachoka ndi mphamvu ya manja. Mamba amayamba agogodedwa ndi kupalidwa ndi mpeni wakale kapena kachitsulo kaphanthi, kenako pamadutsa bulashi ya waya, pomaliza sandipepa. Kumene kulibe zimenezi, mchenga wa mumtsinje wokwechedwa ndi chitsononkho cha chimanga kapena chibenthu cha njerwa umagwira ntchito yomweyo, monga amayi amachitira ndi mapoto. Cholinga si kuwalitsa mgolo ngati watsopano. Chofunika n'chakuti chilichonse chogwedezeka chichoke, patsale chitsulo cholimba. Bulashi ya waya ili ndi vuto limodzi loyenera kusamala nalo. Tiwaya take timathothoka, ndipo kamodzi kakamatirira pa waya wowambira n'kulowa mu nsomba, kamatha kubaya wakudya pakhosi kapena m'matumbo. Pamene bulashi yadutsa ayenera kupukutapo ndi nsanza yonyowa ndi kuyang'anitsitsa.

Pa zitsulo zing'onozing'ono monga ndodo, mahinjesi ndi mabawuti, asidi wofatsa amafika pomwe dzanja silifika. Kuzinyika mu viniga usiku umodzi kumafewetsa dzimbiri mpaka limachoka ndi nsanza. Madzi a mandimu, a bwemba kapena a malambe, zipatso zowawasa zopezeka m'chigwachi, amachitanso chimodzimodzi pa dzimbiri lochepa ngakhale amachedwerapo. Asidi sasiyanitsa dzimbiri ndi chitsulo chabwino, choncho chitsulo chisagonemo masiku. Chikavuulidwa chitsukuluzidwe ndi madzi ambiri, makamaka oikamo soda pang'ono, n'kuumitsidwa pamoto nthawi yomweyo. Chitsulo chongotsukidwa ndi asidi chikasiyidwa kuti chiume chokha chimayamba kufiira dzuwa lisanalowe. M'masitolo a zitsulo muli mankhwala a asidi wa phosphoric amene amasandutsa dzimbiri kukhala khungu lakuda lolimba. Ndi abwino kunja kwa mgolo, pokonzekera penti, koma si opaka pomwe pagona nsomba. Madzi a m'batire ya galimoto ndiwo osayesa n'komwe: amawotcha khungu ndi maso, ndipo ali ndi mtovu.

Chitsulo chikayera chimafuna chophimba tsiku lomwelo, ndipo m'kati mwa chowambira chophimba chovomerezeka ndi chimodzi chokha, mafuta ophikira, amene m'Zambia amatchedwa saladi. Mafuta amapakidwa ndi nsanza m'makoma, kunsi kwa chivundikiro, pa ndodo ndi pa waya, kenako amapukutidwa mpaka chitsulo chizioneka ngati chauma. Pamenepo amasonkha moto wapakati mumgolo wopanda nsomba kwa ola limodzi kapena awiri. Mafuta amafuka utsi, kenako amauma n'kusanduka khungu lakuda lonyezimira lomwe silimata chala. Akabwereza kawiri kapena katatu, madzi odonthezedwa pamenepo amaundana timadontho n'kutsetsereka. Ndi khungu lomwelo limene limateteza chiwaya cha wokazinga chipisi pamsika, chomwe chimakhala panja chaka chonse koma osachita dzimbiri. Cholakwika chofala ndi kupaka mafuta ochuluka poganiza kuti ndiye chitetezo chachikulu. Mafuta okhuthala sauma, amanata, amayamba fungo la kuvunda, ndipo amaitana nyerere ndi makoswe.

Pali chizolowezi china chofunika kuchitsutsa poyera, chopaka oilo wakuda wochotsedwa mu injini ya galimoto, ya chigayo kapena ya boti. Oiloyu amatetezadi khasu ndi pulawo, ndipo amapezeka mwaulere. Koma muli zitsulo zapoizoni ndi zotsalira za moto wa mu injini zomwe zimayambitsa khansa, ndipo akatenthedwa zonsezo zimakwera ndi utsi kukalowa mu nsomba. Nsomba imeneyo idzadyedwa ndi ana a pakhomo pomwepo ndi a munthu wina ku Lusaka amene sadzadziwa konse. Girizi ndi dizilo zili m'gulu lomwelo.

Penti ndi wa kunja kokha. Penti wamba wa mafuta amatuza n'kupsa moto woyamba, ndipo wofiira uja wopaka mageti ndi mafelemu a mawindo sanapangidwire moto. Pali penti wapadera wopirira kutentha mpaka pafupifupi madigiri 600. Amagwira pa chitsulo choyera chopanda mafuta, amapakidwa mopyapyala, ndipo amalimba akawotchedwa koyamba mgolo uli wopanda kanthu. Ndi wodula ndiponso sapezeka m'magolosale a kumudzi. Pa mgolo wamba, kupaka saladi kunja monga m'kati kumakwana, bola zizichitika kawirikawiri.

Kusankha mgolo wake n'kofunikanso kuposa penti. Mgolo womwe munali mankhwala a thonje kapena mankhwala ena osadziwika suyenera kuwambira chakudya ngakhale utatsukidwa kangati. Womwe munali petulo kapena dizilo umasunga mpweya woyaka m'kati, ndipo ukadulidwa ndi girayinda kapena moto wowotcherera umaphulika. Wabwino ndi womwe munali zakudya monga mafuta ophikira. Uwunso uyenera kuwotchedwa kaye ndi moto waukulu panja mpaka penti wa kunja ndi zokutira za m'kati zitapseratu, kenako kukwechedwa ndi kupakidwa mafuta.

Waya wogonekapo nsomba ndiye amatha msanga kuposa zonse, chifukwa ndi wowonda ndipo ndiye amakhudza mchere. Waya wa nkhuku ndi malata zimakutidwa ndi zinki, chitsulo chotuwa chomwe chimadyeka m'malo mwa chitsulo cha m'kati. Pa kutentha kwa kuwamba, komwe nthawi zambiri kumakhala pakati pa madigiri 60 ndi 120, zinki savuta. Amasungunuka pa madigiri 420, ndipo akagwera m'malawi amatulutsa utsi woyera womwe umayambitsa kutentha thupi, kuphwanya m'thupi ndi chifuwa kwa woupuma. Choncho lata lingakhale chivundikiro, koma lisakhale pogona moto. Waya wokutidwa ndi zinki asanyikidwenso mu viniga, popeza asidi amayamba kudya zinkiyo. Chitsulo chosachita dzimbiri, chosakanizidwa ndi chromium wosachepera magawo 10.5 pa 100, ndicho chabwino koposa pa ntchitoyi kwa amene angachikwanitse. Mashelefu a m'firiji yakale, omwe ambiri amawatola, kawirikawiri amakhala okutidwa ndi pulasitiki kapena zokutira zina zosayenera moto.

Dzimbiri lochepa lomatirira pa nsomba si poizoni, koma limawononga malonda. Limasiya mizere yofiira pakhungu, ndipo chitsulo chimafulumizitsa kuvunda kwa mafuta a nsomba, makamaka zonona monga mlamba. Waya wokhakhala amagwira khungu, nsomba imanyenyeka poitembenuza, ndipo yonyenyeka imagulidwa motchipa. M'timaenje take mumatsalira timinofu toitana ntchentche ndi tizilombo tofumbula nsomba zouma. Tsiku lina waya amangoduka, nsomba za usiku wonse n'kugwera pamoto. Za kafumbata, ambiri amakhulupirira kuti amachokera ku dzimbiri, koma amayamba ndi kachilombo kokhala m'dothi ndi m'ndowe. Chitsulo cha dzimbiri chogona pansi chimangokanyamula ndi kukalowetsa pabala. Amene wachekedwa ndi mlomo wa mgolo atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, n'kupita kuchipatala kukafunsa za katemera.

Kupewa kwa masiku onse ndi ntchito yaing'ono. Phulusa lichoke likangozizira. Waya atsukidwe ndi madzi opanda mchere, aumitsidwe pa makala otsala, apakidwe saladi pang'ono akadali wofunda. Moto usazimitsidwe ndi madzi mumgolo, chifukwa chitsulo chotentha chikathiridwa madzi chimapindika, khungu la mafuta limasweka, ndipo phulusa limasanduka phala lija. Mgolo ukhale pa njerwa zitatu kapena miyala kuti mphepo izidutsa pansi. Ena amachotseratu kunsi kwa mgolo kuti moto uziyaka pa njerwa kapena padothi, ndipo njira imeneyi imathetsa vuto la phulusa kotheratu.

Chisamaliro chachikulu ndi cha kumapeto kwa Novembala, usodzi usanatsekedwe. Tsiku limodzi limakwana: kukhuthula phulusa, kupala mwaye wokhuthala umene umabisa chinyezi, kutsuka mchere, kuumitsa pamoto, kupaka mafuta ndi kuwawotcha, kenako kuika mgolo pansi pa denga, utakwezedwa pa njerwa. Kuukulunga ndi pulasitiki kapena tenti yothina n'kulakwitsa komwe kumachitika ndi mtima wabwino. Masana a m'chigwa amatentha, usiku kumazizirako, ndiye nthunzi yochokera m'nthaka imazizira kunsi kwa pulasitikiyo n'kudonthera pachitsulo, osapeza potulukira. Chisakasa cha udzu chotseguka m'mbali chimateteza bwino kuposa pulasitiki yatsopano. Ngati denga palibe, mgolo uzondoke kuti usasunge madzi. Kuusuzumira kamodzi pamwezi ndi kupaka mafuta pamene pafiira kumakwana mpaka Malichi.

Njira ina ndi kuchepetsa chitsulo chenichenicho. Ku Ghana, mu 1969, bungwe la FAO ndi Food Research Institute ya dzikolo, pogwira ntchito ndi amayi owamba nsomba a ku Chorkor mumzinda wa Accra, anakonza uvuni umene unatenga dzina la malowo. Makoma ake ndi a dothi kapena njerwa, okhala ndi khomo la nkhuni, ndipo pamwamba amasanjikiza mathireyi a matabwa okhomedwa waya. Uvuniwu umawamba nsomba zambiri nthawi imodzi, umadya nkhuni zochepa, ndipo unafalikira m'mayiko ambiri a mu Africa. Pa nkhani ya dzimbiri phindu lake n'loonekeratu: pamene pali moto ndi phulusa palibe chitsulo, ndipo chitsulo chokhacho chotsala, waya, chimanyamulika kukasungidwa m'nyumba. Uli ndi zofooka zake. Mvula imakokolola makoma a dothi ngati alibe denga, matabwa a thireyi yapansi amapsa moto ukakula, ndipo uvuni sukwera bwato. Kwa msodzi woyenda m'misasa mgolo ukadali wofunika, ndipo ayenera kuusamala monga tafotokozera. Koma kwa banja la ku Kavalamanja lowambira pakhomo chaka ndi chaka, uvuni wa dothi la pachulu wokhala pansi pa chisakasa ndiwo woyenera, ndipo ndalama ya mgolo ndi bwino igule waya wabwino.